Zolemba za ntchito: kusaka magetsi amene amatha pamene zipangizo "zazima"

Cholinga ndi malamulo a ntchitoyi

Ntchitoyi ili ndi funso limodzi: nyumba imadya magetsi ochuluka bwanji pa nthawi imene palibe amene akuonera, kumvera kapena kusewera kalikonse? Firiji ndaichotsa pa chiwerengero, chifukwa iyo imagwira ntchito usana ndi usiku ndipo ntchito yakeyo timaidziwa. Zimene ndikusaka ndi zipangizo zija timazimitsa ndi rimoti n'kupita kokagona tikukhulupirira kuti zazimadi: TV, dikoda, makina a magemu, ampulifaya, ndi tinthu tonse todzaza kuseri kwa kabati.

Masamu ake ndi osavuta. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho chipangizo chimene chikukoka wati imodzi osapumira chimatha 8.76 kWh pa chaka (kWh ndi yuniti imene mita ya magetsi imawerenga). Ngati chipangizocho chimagwiritsidwa ntchito maola 4 pa tsiku n'kudikira maola 20 otsalawo, maola odikira pa chaka amakwana 7,300, ndiye wati iliyonse ya pa standby, kutanthauza nthawi yodikirayo, imatha 7.3 kWh. Nambala ziwirizi ndi zimene ndizigwiritsa ntchito mpaka kumapeto.

Ndadziikira malamulo atatu. Sindigula chipangizo chatsopano pofuna kuti nambala zioneke zabwino, chifukwa kupanga chipangizocho kumadyanso mphamvu yake. Sindisintha kanthu ndisanayeze. Ndipo kusintha kulikonse kumene ena a m'nyumba sangakupirire sindikuwerengera ngati kwatheka, popeza setingi imene imatopetsa anthu imabwezedwa mwakale posakhalitsa.

Kuyeza nyumba yonse

Ndayambira pa mita yaikulu ya nyumba, osati pa chipangizo chimodzichimodzi, kuti ndikhale ndi chiwerengero chimene zonse ziyenera kukwanira pamapeto. Mamita ambiri a masiku ano ali ndi kagetsi kophethira, ndipo pafupi nako pamalembedwa kuti kamaphethira kangati pa kWh iliyonse. Yanga inalembedwa 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kuphethira kumodzi ndi 1 Wh, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a kWh. Kuti upeze mawati, umatenga 3,600 n'kugawa ndi masekondi a pakati pa kuphethira kuwiri.

Usiku ndinazimitsa mababu onse, ndinazula firiji kwa kanthawi, chotenthetsera madzi ndinachizimitsa pa swichi yake, ndipo zipangizo za pabalaza ndinazizimitsa monga mmene timachitira masiku onse, ndi rimoti. Pakati pa kuphethira kuwiri panadutsa masekondi pafupifupi 69. Ndiwo mawati 52. Mawati 52 amenewa akanamakokedwa chaka chonse osalekeza akanakwana 455 kWh, m'nyumba mmene aliyense wagona ndipo palibe sikirini imene yayaka.

Njira iyi ndi yabwino chifukwa siisowa chida china kupatula wotchi, koma siikuuza kuti akudya ndani. Pa zimenezo pamafunika mita yaing'ono yolowetsa pa soketi.

Mita ya pa soketi ndi mabodza ake

Gawo ili latenga nthawi kuposa mmene ndimaganizira, ndipo ndiliika patsogolo chifukwa munthu akalidumpha nambala zake zonse zimasokonekera.

Mita ya pa soketi imaonetsa mavoti, maampeya, mawati ndi kWh. Pa zinthu zodya kwambiri monga ketulo, zonse zimagwirizana: ukachulukitsa mavoti ndi maampeya umapeza mawati omwe mitayo ikuonetsa. Pa chipangizo chimene chili pa standby sizikhala choncho. TV ili pa setingi yake yabwino inandionetsa maampeya pafupifupi 0.03. Pa mavoti 230, kuchulukitsa kumapereka pafupifupi 7, pamene mawati enieni anali 0.4 okha. Munthu woyeza ndi chida chimene chimangoona maampeya akhoza kuimba TV imeneyi mlandu wa mawati 7 ilibe chifukwa.

Chochititsa chili m'kati mwa gawo lolandirira magetsi. Pakhomo penipeni pamakhala kapasita yolumikiza mawaya awiri a magetsi, ntchito yake ndi kutchinga phokoso la magetsi kuti lisatuluke m'chipangizo n'kukasokoneza zina. Kapasita ya 0.47 µF pa mavoti 230 ndi 50 Hz imadutsitsa pafupifupi 34 mA (maampeya 0.034) nthawi zonse, chipangizo chiyake kapena chizime. Koma kapasita imalandira mphamvu pa mbali imodzi ya funde la magetsi n'kuibweza pa mbali inayo. Maampeya amayendadi m'waya, komabe mphamvu imene yatheradi ndi yochepa kwambiri. N'chifukwa chake pali ma VA (mavoti kuchulukitsa ndi maampeya) ndi mawati, ndipo mita ya panyumba nthawi zambiri imawerenga mawati.

Vuto lachiwiri ndi lakuti mita zotsika mtengo zimachita khungu pansi pa wati imodzi. Yanga imati 0.0 pa chilichonse chimene chili pansi pa theka la wati, nthawi zina n'kudumphira pa 0.6 kenako n'kubwerera pa 0.0. Si vuto la mitayo yokha. Magawo olandirira magetsi a masiku ano, akaona kuti palibe chimene chikuwakoka, samwa magetsi mosalekeza. Amamwa pang'ono mwachangu, amadzaza kapasita yawo, amasiya, kenako amamwanso. Mita ikajambula pa kamphindi komwera imaonetsa zambiri, ikajambula pa kamphindi kopumira imaonetsa ziro.

Muyezo wa padziko lonse woyezera magetsi a pa standby, IEC 62301, umene kope lake lachiwiri linatuluka mu 2011, umathana ndi zimenezi posadalira nambala ya kamphindi kamodzi: chipangizo chimasiyidwa kuti chikhazikike, kenako amatenga avereji ya nthawi yaitali, kapena amawerenga mphamvu yonse imene yatha n'kuigawa ndi nthawi. Ndatengera nzeru yomweyo. Chipangizo chilichonse ndikuchisiya pa mita usiku wonse, m'mawa ndimawerenga ma Wh n'kugawa ndi maola. Tinthu tating'ono kwambiri ndikutiika pamodzi pa ekisitenshoni imodzi kuti tonse pamodzi tikwere pamwamba pa malire amene mitayo imaona.

Kuyeza usiku wonse kuli ndi phindu lina. Zipangizo zambiri sizitsika nthawi yomweyo ukangozimitsa. Zina zimakhala mphindi zingapo zikumaliza zochita zake, zina zimadzuka pakati pa usiku kukafunsa ngati kwabwera pulogalamu yatsopano. Ukayeza mphindi imodzi yokha, sudziwa kuti wagwira mbali iti.

Matchaja a foni

Apa ndidutsa mwachangu. Anthu akamakamba za magetsi otayika, chala chimayamba kuloza tchaja yosiyidwa pa soketi. Matchaja asanu a m'nyumba muno, opanda foni, onse pamodzi anakoka pafupifupi theka la wati. Pa chaka ndi 4.4 kWh onse asanu.

Sizodabwitsa. Kuyambira 2016 muyezo wa ku America wotchedwa Level VI umafuna kuti adaputa ya mawati osapitirira 49 isakoke zoposa 0.1 W pamene palibe chimene chalumikizidwa, ndipo European Union inaika malire omwewo kuyambira April 2020. Mbiri yoipa ya matchaja inachokera ku maadaputa akale olemera aja, okhala ndi thiransifoma ya chitsulo m'kati, amene ankatentha ngakhale opanda ntchito. Ngati muli nawo otero, akhudzeni: adaputa imene ikufunda ilibe chochita ndiye kuti ikudya. Kuzula tchaja yamakono n'kwabwino pa zifukwa za chitetezo, makamaka ikakhala yosadziwika kumene inapangidwa, koma pa mawati 52 aja matchaja ndi gawo limodzi mwa magawo 100.

Dikoda

Apa ndi pamene pali nkhani. Dikoda ya setilaiti, yokhala ndi hadi disiki yojambulira mapulogalamu, ikamaonetsa chithunzi imakoka mawati pafupifupi 15. Nditaizimitsa ndi rimoti n'kuisiya usiku wonse, avereji inali mawati 13. Batani lozimitsira limangozimitsa chithunzi ndi kusintha mtundu wa kagetsi ka patsogolo. Zina zonse m'katimo zimapitirira.

Tiyeni tiwerengere. Kuonera maola 4 pa tsiku pa mawati 15 kumatha pafupifupi 22 kWh pa chaka. Kudikira maola 20 pa mawati 13 kumatha 95 kWh. Pa magetsi onse amene dikodayi imadya, magawo anayi mwa asanu amapita pa nthawi imene palibe munthu pabalaza.

Ndinafuna kumvetsa kuti mawati 13 amenewa akupita kuti, chifukwa si nkhanza chabe ya opanga. Choyamba, kachipangizo ka pa mphuno ya dishi, LNB, kalibe magetsi akeake. Dikoda ndi imene imakatumizira mavoti 13 kapena 18 kudzera m'kebulo yomweyo ya siginecha, ndipo kusintha pakati pa mavoti awiriwa ndi njira youzira LNB mbali ya mafunde imene iyenera kulandira. Dikoda ikafuna kumamvabe setilaiti, LNB iyenera kukhala yoyaka. Chachiwiri, chuna (gawo logwira matchanelo) ndi purosesa zimakhala maso kuti zilandire ndondomeko ya mapulogalamu, mauthenga otsegulira matchanelo amene munalipira, ndi mapulogalamu atsopano a dikodayo. Chachitatu, hadi disiki imazungulirabe m'madikoda ena kuti ikhale yokonzeka kujambula. Ndikaika khutu pa yanga usiku ndimaimva.

Vutoli ndi lodziwika kalekale. Bungwe la ku America la Natural Resources Defense Council linalengeza mu 2011 kuti mabokosi a TV yolipira m'dzikolo, pafupifupi 160 miliyoni, ankadya 27 biliyoni kWh pa chaka, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsiwo ankatha pamene palibe woonera kapena chojambulidwa. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti wosankha bokosi ndi kampani yopereka matchanelo, pamene wolipira magetsi ndi mwini nyumba. Kampani imafuna bokosi loyaka msanga ndi losavuta kulitumizira mauthenga. Bilu siifika kwa iyo.

M'menyu ya dikoda yanga, m'kati mwenimweni mwa masetingi, muli njira yosungira magetsi imene inali yozimitsa. Nditaiyatsa, standby inatsika kufika pa wati imodzi. Mtengo wake ndi wakuti dikodayo imatenga mphindi ziwiri kapena zitatu kuti iyambe kuonetsa, m'malo mwa masekondi ochepa. Ndayesanso ngati imadzuka yokha kukajambula pulogalamu imene yaikidwa pa nthawi, ndipo imadzuka. Ichi n'chofunika kuchiyesa pa dikoda iliyonse musanasangalale ndi nambala, chifukwa kuphonya mpira umene munthu anaukonzera kujambula ndi njira yachangu yothetsera ntchito ngati ino.

Kuidula pa swichi ya pakhoma ndakana. Kudula magetsi hadi disiki ili m'kati molemba kukhoza kuwononga zojambulidwa, ndipo dikoda imene yakhala nthawi yaitali osamva setilaiti ikhoza kuphonya mauthenga otsegulira matchanelo. Kupulumutsa wati imodzi yotsalayo sikulingana ndi mavuto amenewo.

TV ndi makina a magemu

Ziwirizi ndaziika pamodzi chifukwa matenda ake ndi amodzi. Zonse zimatha kugona tulo tenitweni, koma zinali zitaikidwa pa setingi yongotsinzina.

TV inakoka mawati 9 pa standby. Ndinadabwa, chifukwa pa pepala lake analemba nambala yosakwana theka la wati. Pepalalo silinama. Nambalayo ndi ya TV imene yazimitsidwa zinthu ziwiri: kuyaka msanga, kumene m'mamenyu kumapezeka ndi mayina monga Quick Start, ndi kudzutsidwa kudzera pa netiweki, kumene kumalola foni kuyatsa TV ikafuna kuponya vidiyo pa sikirini yaikulu. Kuyaka msanga kumasiya purosesa ndi memore zili zoyaka kuti TV isayambirenso pachiyambi. Kudzutsidwa pa netiweki kumasiya Wi-Fi ili tcheru. TV yotero ili ngati mlonda amene wagona pansi koma maso ali pa chipata. Nditazimitsa zonse ziwiri, inatsika kufika pa 0.4 W. Pa chaka ndi kuchoka pa 66 kWh kufika pa 3 kWh, ndipo chimene tataya ndi masekondi ochepa odikira poyatsa, ndi kuti tsopano woponya vidiyo kuchokera pa foni ayenera kuyamba wayatsa TV ndi rimoti.

Pano mpamene mbiri ya malamulo imandithandiza kumvetsa zimene ndikuona. Alan Meier wa ku Lawrence Berkeley National Laboratory ndi mmodzi mwa anthu amene anakankha nkhaniyi kwambiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 1999 International Energy Agency inayambitsa One Watt Initiative, cholinga chake chili chakuti chipangizo chilichonse chisakoke zoposa wati imodzi pa standby. Mu 2001 Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lakuti nthambi za boma la America zizigula zipangizo zokwaniritsa malire a wati imodziyo pamene zilipo. European Union, kudzera mu lamulo 1275/2008, inaika malire a 1 W kuyambira 2010 ndi 0.5 W kuyambira 2013, ndi kulola zochulukirapo pang'ono ngati chipangizo chikuonetsa wotchi kapena uthenga. Nkhondo imeneyo inapambanidwa ndithu: kagetsi kofiira ndi kalandira-rimoti sizidyanso kanthu.

Koma pamene malirewo ankatsika, zipangizo zinayamba kulumikizidwa ku intaneti, ndipo panabadwa mtundu wina wa kudikira. International Energy Agency inanena mu 2014 kuti zipangizo zolumikizidwa pa netiweki padziko lonse zinadya 616 TWh (TWh imodzi ndi 1 biliyoni kWh) mu 2013, ndipo pafupifupi 400 TWh mwa amenewo anatayika chifukwa cha luso losasamala magetsi. European Union inachita kuika malire osiyana a kudikira kwa pa netiweki mu lamulo 801/2013: 6 W kuyambira 2015, 3 W kuyambira 2017, ndi 2 W kuyambira 2019 pa zipangizo wamba, pamene marauta ndi zina zonga iwo analoledwa zambiri. Lamulo latsopano, 2023/826, linayamba kugwira ntchito mu May 2025. Chimene ndaphunzira pa TV yanga n'chakuti malire amenewa amanena za chipangizo chili pa setingi inayake. Munthu akangovomera funso lakuti "mukufuna TV iziyaka msanga?" pa tsiku loyamba, watuluka mu setingi imeneyo, ndipo palibe chomuuza kuti yankho lakelo lili ndi mtengo wa mawati angati.

Makina a magemu anakoka mawati 12 pa njira yake yogona mwatcheru, imene imalola kutsitsa magemu usiku ndi kuyambira pamene munthu analekezera. Pa njira yosungira magetsi anatsika kufika pa theka la wati. Nambalazi zikufanana ndi zimene Microsoft inalengeza mu 2023 za makina ake a Xbox, kuti njira yogona imakoka mawati 10 mpaka 15 pamene yosungira magetsi imakoka 0.5, pa nthawi imene kampaniyo inayamba kusamutsira makina a anthu ku njira yachiwiriyo. Apa panali kukambirana ndithu ndi mwini magemu m'nyumba muno, chifukwa kwa iye kupeza gemu itatsitsidwa kale m'mawa si nkhani yaing'ono. Tagwirizana kuti njira yosungira magetsi ikhale ya masiku onse, ndipo pakakhala gemu yaikulu yotsitsa aziyatsa njira inayo usiku umenewo wokha.

Chinthu china chimene chinasokoneza miyezo ndi HDMI-CEC, njira imene zipangizo zolumikizidwa ndi kebulo ya HDMI zimalamulirana. Makampani amaipatsa mayina awoawo: Anynet+ kwa Samsung, Bravia Sync kwa Sony, SimpLink kwa LG. Ndi imene imachititsa kuti ukayatsa makina a magemu TV iyake yokha. Usiku wina avereji ya TV inatuluka yokwera modabwitsa, ndipo zinapezeka kuti chipangizo china chikadzuka kukafunsa mapulogalamu atsopano chinkadzutsanso TV kwa kanthawi. CEC sindinaizimitse yonse, chifukwa ubwino wake ndi waukulu: ukazimitsa TV, zinzake zimazima nayo limodzi. Ndangozimitsa mbali yolola zipangizo zina kuyatsa TV.

Chenjezo kwa amene ali ndi TV ya OLED: ma TV ambiri a mtundu umenewu amakonza sikirini yawo ali pa standby, akangozimitsidwa pambuyo pa maola angapo oonera, pofuna kupewa zithunzi zotsalira. Musamaidule pakhoma ikangozima. Mawati amene ikukoka pa mphindi zimenezo ndi a ntchito yeniyeni.

Ampulifaya, rauta, ndi mawati amene ankasowa

Ampulifaya yakale inakoka mawati 5 itazimitsidwa pa batani lake. Ili ndi thiransifoma yaikulu ya chitsulo, ndipo batanilo lili kuseri kwa thiransifomayo, osati kutsogolo kwake. Choncho thiransifoma imakhala pa magetsi nthawi zonse, chitsulo chake chikufunda pang'onopang'ono. Mulibe setingi imene ingachize zimenezi, mulibenso pulogalamu kapena wotchi imene ingasokonekere magetsi akadulidwa. Iyi ndi imene ekisitenshoni ya swichi inapangidwira.

Ndinaganizirapo za pulagi yoyendetsedwa ndi foni, koma nayonso imakhala pa Wi-Fi usana ndi usiku ndipo imadya pafupifupi wati imodzi. Pa ampulifaya ya mawati 5 ingathandizeko. Pa TV ya 0.4 W ingaonjezere vuto. Swichi wamba siidya kalikonse.

Rauta imakoka mawati 7 ndipo ndaisiya. Siili pa standby, ili pa ntchito, ndipo mafoni amaidalira usiku wonse. Uvuni wa maikulowevu umakoka mawati 2 chifukwa cha wotchi yake. Nawonso ndausiya pakadali pano, popeza soketi yake ili pamalo ovuta kufikira.

Nditaphatikiza zonse, dikoda 13, makina a magemu 12, TV 9, rauta 7, ampulifaya 5, maikulowevu 2 ndi matchaja theka, ndinapeza 48.5. Mita yaikulu inanena 52. Mawati atatu ndi theka analibe mwini. Ndinabwerera ku mita yaikulu n'kumazimitsa mabuleka limodzilimodzi kwinaku ndikuwerenga masekondi, mpaka ndinadziwa kuti wakubayo ali pa mzere wa masoketi a pabalaza. Kuseri kwa kabati, pansi pa mulu wa mawaya, panali adaputa yaing'ono yopatsa magetsi chokwezera siginecha ya eriyo. Inakoka mawati 3. Eriyo imeneyo timaigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, koma adaputayo yakhala ikufunda kuyambira tsiku limene inaikidwa. Ilibe kagetsi, ilibe batani, ilibe phokoso. Popanda kuyamba ndi chiwerengero cha nyumba yonse sindikanaifunafuna n'komwe. Theka la wati lotsala ndaliika pa kulakwitsa kwa miyezo.

Pamene ntchito yafika

Ampulifaya ndi adaputa ya eriyo zili pa ekisitenshoni ya swichi imene yaikidwa poonekera, osati kuseri kwa kabati. Dikoda, TV ndi makina a magemu zili pa soketi zosadulidwa, koma pa masetingi osungira magetsi. Rauta, maikulowevu ndi matchaja sindinazikhudze.

Ndabwereza muyezo woyamba uja mofanana, firiji yozula, mababu ozima. Kagetsi ka mita tsopano kakuphethira pakapita mphindi zisanu ndi masekondi ochepa, kutanthauza mawati pakati pa 11 ndi 12. Tachoka pa 52. Kusiyana kwa mawati 40 pa maola 20 a tsiku lililonse ndi pafupifupi 290 kWh pa chaka, ndipo mawati 32 mwa 40 amenewo achokera m'mamenyu a zipangizo zitatu zokha. Chimene ndagula pa ntchito yonseyi ndi mita ya pa soketi ndi ekisitenshoni imodzi.

Dandaulo lilipo limodzi, ndipo ndi lomveka: kuchedwa kwa dikoda. Mphindi zitatu ndi zambiri kwa munthu amene wathamangira nkhani za madzulo. M'menyu muli mwayi woika maola amene dikoda izikhala yokonzeka ndi maola amene izigona kwenikweni. Ndikufuna kuyesa kuti izikhala yokonzeka madzulo okha, kuyambira 5 koloko mpaka 10 koloko, kenako ndiyezenso avereji ya maola 24. Mwa maola asanuwo anayi ndi oonera kale, choncho ndikuyembekezera kuti tingotaya pang'ono.

Zotsala zina ndi izi. Masetingi onse atatu ndiyenera kuwaonanso pulogalamu ya chipangizo chilichonse ikangosinthidwa, chifukwa kusintha koteroko kumatha kubwezera zinthu mwakale mwakachetechete, ndipo njira yachangu yodziwira ndi kuwerenga masekondi pa mita yaikulu. Chipinda cha kompyuta sichinayezedwe: pa usiku wa miyezo iwiri ija zonse za mmenemo zinali zozula, ndiye kompyuta, sikirini yake, pulinta ndi masipika aang'ono zikudikira gawo lotsatira. Pa kompyuta ndikufuna kusiyanitsa mikhalidwe itatu, yogona, yozimitsidwa koma Wake-on-LAN (kudzutsidwa kudzera pa netiweki) ili yoyaka, ndi yozimitsidwa Wake-on-LAN itazimitsidwa mu BIOS, menyu ya masetingi oyambira a kompyuta. Pulinta ya inki ndiiyeza mosamala ndisanaiike pa swichi, popeza mapulinta ena akadulidwa magetsi amatsuka mitu yawo poyakanso, ndipo inki yotayika pamenepo iyenera kuikidwa pa sikelo limodzi ndi wati imene ndingapulumutse.